Compound nambala 14 ndi zomwe zinandichitikira mu labu yofufuza mankhwala a malungo

Ana angapo amene akupanga chemistry ku yunivesite akhala akundilembera pa WhatsApp kuti achemwali tatiuzeni, zofufuza mankhwala zija zimakhala bwanji, ife tingalowe bwanji. Ndimayankha mwachidule pa foni koma ndaona kuti sizikukwana, nde ndati ndikhale pansi ndilembe bwinobwino, makamaka nkhani ya compound (molecule imene timapanga mu labu kuti tiiyese ngati ingadzakhale mankhwala) nambala 14 chifukwa ndi imene inandiphunzitsa ntchitoyi kuposa kalasi ina iliyonse imene ndinakhalamo.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Mlongo wanga wamkulu sindinamuone, anamwalira ndi malungo mu 1992 ali ndi zaka zitatu, ine ndisanabadwe. Amayi mpaka lero amati mwana anamwa chloroquine yense bwinobwino koma thupi silinazizire. Nditakula mpamene ndinamva kuti nthawi imeneyo tizilombo ta malungo kwathu kuno tinali titapima, chloroquine sitimamumvanso, ndipo mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, mu 2007 tinayamba LA amene tikumwa panoyu. Ndiye ine chiyambire sekondale funso langa linali loti kodi LA naye akadzatopa tidzamwa chani, nanga amene amakhala pansi kupanga mankhwala atsopano ndi ndani. Funso limeneli silachibwana, chifukwa ku Rwanda ndi ku Uganda apeza kale tizilombo tosintha pa jini yotchedwa kelch13 timene tikuchedwa kufa ndi artemisinin, gwero la mankhwala a mu LA, ndipo malungo akuphabe anthu pafupifupi 600,000 pachaka padziko lonse, ambiri mwa iwo ana aang'ono a mu Africa muno.

Digiri yoyamba ndinapangira konkuno. Chaka chomaliza ndinawerenga za a Kelly Chibale, a ku Zambia obadwira ku Mpika, amene anaphunzira ku University of Zambia kenako PhD ku Cambridge, ndipo mu 2010 anakhazikitsa H3D ku University of Cape Town, malo ofufuzira mankhwala atsopano. Zinandikhudza kwambiri kuti munthu wa mbali yathu yino, woyankhula zinenero zoyandikana ndi zathu, akutsogolera ntchito yotere. Ine sindinapite ku H3D, ndinapeza malo a masters ku labu ina yaing'ono ku South Africa komweko, koma njira ndinaionera kwa iwowo.

Tsopano ntchitoyo imakhala bwanji, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti timakhala tikusakaniza madzi amitundumitundu n'kutuluka utsi kenako mankhwala apezeka. Ayi. Chimene timachita ndi kumanga ma molecule, kulumikiza kachidutswa aka ndi ako mpaka utapeza chimene unajambula pa pepala. Umayeza ufa pang'ono zedi, mamiligalamu 100 kapena 200, kuthira mu flask, kuthira solvent (madzi osungunulira ufawo), kuika kamaginito koti kazitakasa, kutenthetsa usiku onse. Mmawa umatenga kadontho n'kudonthetsa pa kambale ka TLC, n'kuyang'ana pansi pa nyali ya UV ngati patuluka kadontho katsopano. Ngati katuluka, ntchito yeniyeni mpamene yayamba, chifukwa mu flask muja simukhala chinthu chimodzi, mumakhala chimene ukufunacho pamodzi ndi zotsalira ndi zina zimene zinangopangika zokha. Ndiye umapanga column, kudzaza silica mu chubu chagalasi chachitali, kuthira zinthu zako pamwamba n'kumatsanulira hexane wosakaniza ndi ethyl acetate pang'onopang'ono, kumatolera zotuluka pansi mu timachubu 40, pena 80, kumayeza kalikonse. Zili ngati kupeta mpunga koma kwa maola asanu utaimirira. Ukatha umaumitsa pa makina otchedwa rotavap, n'kupita nazo ku NMR ndi LC-MS kuti makina akuuze ngati wapangadi chimene umafuna. Ine ndinafika kumeneko ndisanagwirepo makina a NMR ndi manja anga, ndinkangodziwa za m'buku, ndipo miyezi yoyamba ndinkachita mantha kufunsa. Apa ndinalakwitsa, ndipo inu musadzachite zimenezi.

Project yanga inali yolumikiza magulu osiyanasiyana pa mphete ya ma atomu yotchedwa pyridine pogwiritsa ntchito Suzuki coupling, reaction imene a Akira Suzuki analandirira Nobel mu 2010 pamodzi ndi a Heck ndi a Negishi. Imafuna boronic acid, base, ndi catalyst, kutanthauza chofulumizitsa reaction, ya chitsulo chotchedwa palladium. Aliyense mu labu ankati ndi reaction yosavuta. Kwa ine inakana miyezi itatu yathunthu. Ndikaika madzulo, mmawa ndimapeza mu flask muli bii, zakuda zitakhazikika pansi, TLC ikuonetsa zoyambira zomwe zija zili chikhalire. Ndinasintha base, ndinasintha solvent, ndinakweza kutentha, ndinatsitsa, palibe. Ndinkalira mu toileti masana, usiku osagona, kumaganiza kuti mwina ine mutu wanga si wa zimenezi, mwina ndingobwerera kumudzi ndikaphunzitse.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina technician amene wakhala mu labu imeneyo zaka zambiri. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga ndikuyeza catalyst, anangoyang'ana botolo n'kundifunsa kuti ufa umenewu ndi wa mtundu wanji. Ndinati ndi wa bulauni. Anati catalyst imeneyi, Pd(PPh3)4, yabwino imakhala yachikasu chowala, ikada choncho ndiye kuti mpweya unalowa, inafa kale. Botolo lija ndinalipeza pa shelefu, sindinafunse aliyense. Anandionetsanso kuti nitrogen ndimangomupemerera pamwamba kwa mphindi imodzi, pamene ndimayenera kumulowetsa mkati mwa madzimo ndi singano kwa mphindi 15 kapena 20 kuti oxygen yense achoke, chifukwa oxygen ndi amene amapha palladium, ndipo zakuda zija zinali palladium yakufa. Tinatenga botolo latsopano mu filiji, ndinachita mmene anandiuzira, mmawa mwake kadontho katsopano kanali mbee pa TLC. Miyezi itatu inatha pa chinthu chimene munthu woyandikana nane ankachidziwa. Ndikanangoti mayi taonani apa sabata yoyamba. Ma technician muziwalemekeza ndithu, amadziwa zinthu zimene sizinalembedwe mu pepala lililonse.

Zitatero ma compound anayamba kutuluka. Tikapanga angapo timatumiza kwa anzathu a biology amene amaweta Plasmodium falciparum mu magazi a munthu mu labu, iwo amathira compound yako pa milingo yosiyanasiyana n'kudikira masiku awiri kapena atatu, poti kachilomboka kamatenga maola 48 kuti kamalize ulendo wake mu selo yofiira ya magazi. Amakubwezera nambala yotchedwa IC50, kutanthauza mlingo umene ukuchepetsa kukula kwa tizilombo ndi theka. Nambala ikachepa ndiye kuti compound ndi yamphamvu. Amayesa pa mtundu umene umamva chloroquine ngati NF54, komanso pa wopima ngati K1 kapena Dd2. Ma compound anga oyamba 13 anali ofooka, IC50 yawo inali ma nanomolar (muyeso wa mlingowo) masauzande. Nambala 14 inabwera ndi 80, pa mitundu yonse iwiri.

Ndinanjenjemera nditaona imelo ija. Madzulo omwewo ndinaimbira amayi, ndinawauza kuti amayi ndapeza chinachake chimene chikupha tizilombo ta malungo. Iwo analulutira pa foni, mawa lake anakanena ku tchalitchi, sabata isanathe mudzi onse unali utamva kuti mwana wa uje wapeza mankhwala a malungo ku Joni.

Koma panali chinthu chimene ine ndekha ndinkachidziwa. Pa NMR ya nambala 14 panali timizere ting'onoting'ono tosayenera kukhalapo, ndipo LC-MS inkaonetsa kuti ukhondo wake ndi 88 peresenti. Lamulo la mu labu, ngakhalenso magazini akuluakulu a medicinal chemistry, limafuna 95 kupita mtsogolo usanatumize kokayesa. Ndinali nditatopa, tsiku lotumiza linali litakwana, ndinadziuza kuti timizere timeneto ndi solvent chabe, ndinatumiza. Mu kope langa sindinalembe za 88 ija. Pamenepa mpamene ndimamva chisoni mpaka lero, osati kutumizako kokha ayi, koma kusalembako.

A Prof amene ankandiyang'anira ataona zotsatira sanasangalale mmene ndinkayembekezera. Anangoti zabwino, kapangenso kachiwiri kuyambira pachiyambi, uyeretse bwino, titumizenso. Ine mumtima ndinkati akundikayikira. Ndinapanganso, ulendo uno column kawiri ndi recrystallization pamwamba, inatuluka yoyera 99 peresenti, ufa wokongola zedi. Zotsatira zinabwera patatha masabata awiri: kupitirira 2000 nanomolar. Mphamvu yonse ija inasowa.

Ndinapita ku ofesi kwawo ndi NMR yoyamba ija m'manja, ndinawauza zonse, kuti ndinaona timizere ndipo ndinatumizabe, ndiponso sindinalembe. Anakhala chete kanthawi, kenako anati chimene chikanawakwiyitsa ndi ndikanabisa lero. Anandifunsa ngati timachubu ta column yoyamba ndinataya. Mwamwayi zotsalira zina ndinali nditaziumitsa n'kusunga mu filiji. Anati ndiye pita ukapeze kuti chimapha tizilombo chija n'chiyani, poti china chake mu botolo muja chinaphadi.

Zinanditengera mwezi ndi theka. Mphete yanga inali ndi bromine mbali imodzi ndi chlorine mbali ina, ine ndinkafuna kuti boronic acid ilowe pa bromine pokha, koma poti ndinathira yambiri ndi kutenthetsa nthawi yaitali, ina inalowanso pa chlorine. Ndiye munapangika molecule yachiwiri yokhala ndi magulu awiri, imene pa column imatuluka moyandikana kwambiri ndi yangayo. Nditaipatula payokha n'kutumiza, inabwera pansi pa 10 nanomolar. Kachitsotso kameneko ndi kamene kanali ndi mphamvu.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pabwino. Dikirani. Kupha kachilombo mu kambale ndi sitepe yoyamba chabe, olo bleach amapha tizilombo mu kambale. Molecule yatsopano ija inali yaikulu ndiponso yamafutamafuta, m'madzi simasungunuka, imangokhala pansi ngati mchenga, ndiye munthu atameza ingangodutsa m'mimba osalowa m'magazi. Titaiyesa ndi ma microsome a chiwindi, amene amaonetsa mmene chiwindi chingaiphwanyire, inatha mu mphindi zochepa. Pali malangizo amene a Christopher Lipinski analemba mu 1997 oti mankhwala akumwa kawirikawiri kulemera kwa molecule kusapitirire 500 ndipo logP, imene imayeza umafutamafuta, isapitirire 5, yanga inali itadutsa zonse ziwiri. Chaka chotsatira chonse ndinathera pochepetsa apa, kuika nitrogen apo, kuika fluorine pamalo pamene chiwindi chimaluma. Ukakonza kusungunuka mphamvu imatsika, ukabweza mphamvu imayamba kugwira hERG, kanjira ka potassium ka mu mtima kamene mankhwala akakatseka mtima umagunda molakwika. Zili ngati bulangeti lalifupi mwezi wa June, ukafunda mutu mapazi ali pamtunda. Ndinamaliza masters ndi ma compound 43, palibe ngakhale imodzi imene inafika poyesedwa pa mbewa. Koma tebulo limene ndinasiya, loonetsa kuti ukasintha apa chimachitika n'chakuti, ndi limene wophunzira wobwera pambuyo panga anayambirapo, ndipo sanabwerezenso njira zimene ine ndinaona kuti n'zotseka.

Izi sizichitikira ife ang'onoang'ono tokha. H3D pamodzi ndi Medicines for Malaria Venture (MMV) a ku Geneva analengeza MMV390048 mu 2012, compound ya mtundu wa aminopyridine imene imatseka enzyme ya kachilombo yotchedwa PI4K. Inali compound ya malungo yoyamba yotsogoleredwa ndi gulu la mu Africa kufika poyesedwa pa anthu, inadutsa gawo loyamba, inafika gawo lachiwiri ku Ethiopia, koma anaiimitsa ataona kuti pa makoswe a bere imavulaza ana m'mimba. Zaka zonse zija, anthu anzeru onse aja. Ndipo anachita bwino kuimitsa, chifukwa amene amadwala malungo kwambiri kwathu kuno ndi amayi oyembekezera ndi ana. Mankhwala amodzi amatenga zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa khumi amene afika poyesedwa pa anthu, pafupifupi asanu ndi anayi amagwera panjira. Ukamalowa ntchito iyi uzidziwiretu zimenezi.

Chovuta kwambiri chinali kuimbiranso amayi. Ndinawauza kuti ndinafulumira kulankhula, chimene ndinapeza si mankhwala, ndi chiyambi chabe ndipo mwina sichidzafika kuchipatala. Anakhumudwa, ndinamva m'mawu awo, ndipo anavutika kufotokozera anthu. Chonde inu, zotsatira za ulendo umodzi musamaziuze kumudzi. Anthu athu anataya ana ndi matenda amenewa, mawu oti mankhwala apezeka kwa iwo ndi olemera.

Nditapita kumudzi pa Khirisimasi amalume anandikhazika pansi, akuti iwe mphwanga ukuvutikiranji ndi zachizungu, nimu ali pakhomo pompa, ife timamwa timachira. Sindinawatsutse mwachipongwe chifukwa mbali ina akunena zoona, mankhwala ambiri a malungo anachokeradi ku zomera. Quinine anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. LA amene ndi artemether ndi lumefantrine, ndipo artemether uja gwero lake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. A Tu Youyou ndi gulu lawo, pa ntchito ya boma la China imene inayamba mu 1967, ankawiritsa masamba osapeza zotsatira zokhazikika, mpaka atawerenga zolemba zakale za asing'anga a kwawo zonena zonyika masamba m'madzi ozizira, anazindikira kuti moto ukuononga mankhwalawo, anayamba kugwiritsa ntchito ether pa kutentha kochepa, mu 1972 anapatula artemisinin, ndipo Nobel analandira mu 2015. Koma artemisinin yekha sasungunuka bwino, ndiye anthu a ntchito ngati yanga anamusintha, poyamba kukhala dihydroartemisinin kenako kumuika kagulu ka methyl kukhala artemether. Ndinawauza amalume kuti kusiyana kwake ndi mlingo, tsamba la mtengo uwu ndi la mtengo uwo mphamvu sizifanana, ukamwa wochepa tizilombo tina timatsala ndipo totsalato ndi timene timapima. N'chifukwa chake a WHO salimbikitsa kumwa tiyi wa Artemisia ngati mankhwala a malungo. Mwana akatentha thupi kayezetseni magazi, akapezeka nawo amalize LA yense masiku atatu, olo aoneke kuti wachira tsiku lachiwiri. Amalume anangogwedeza mutu, koma adzukulu awo amapita nawo kuchipatala, zimenezo ndinaziona.

Za chitetezo ndinene mwachidule koma mumve. Magalasi a m'maso ndi lab coat musavule olo kutenthe bwanji. Silica youma muzitsanulira mu fume hood chifukwa fumbi lake limaononga mapapo. Dichloromethane amadutsa magolovesi a nitrile mofulumira, akakudontherani vulani nthawi yomweyo. Sodium hydride ndi madzi sizionana. Mu 2008 mtsikana wina wofufuza ku California anapsa ndi tert-butyllithium, mankhwala amene amayaka okha akakumana ndi mpweya, analibe lab coat, anamwalira patatha masabata ochepa. Musamagwire ntchito nokha usiku, ine ndinkachita nthawi ya Suzuki ija ndipo zinali zoopsa. Ndipo chilichonse chopangidwa mu labu si cholawa kapena kupatsa munthu.

Kwa inu amene mukadali ku yunivesite kwathu, pali zimene mungayambe lero popanda labu yapamwamba. Organic chemistry ya chaka chachiwiri ndi chachitatu musaloweze, mvetsani chifukwa chimene muvi wa pa chojambula cha reaction ukuchokera apa kupita apo, zimenezo ndi zimene mudzagwiritse ntchito tsiku lililonse. Phunzirani kuwerenga NMR, pa intaneti pali SDBS, nkhokwe ya ma NMR ya ku Japan yaulere, tengani molecule, bisani dzina, yesani kuizindikira ndi mizere yokha. ChEMBL ndi PubChem nazonso n'zaulere, mukhoza kuona ma compound masauzande amene anayesedwa kale pa malungo, kuphatikizapo opitirira 13,000 amene kampani ya mankhwala ya GSK inatulutsa poyera mu 2010, ndi 400 a mu Malaria Box ya MMV. Practical iliyonse, olo ikhale yopanga aspirin, lembani mu kope mtundu wa ufa, nthawi, kutentha, botolo limene mwatenga, ndi zimene zalakwika. Mukamalembera pulofesa kupempha malo, musatumize imelo imodzi kwa anthu makumi awiri, werengani pepala lawo limodzi mpaka kumapeto, muwauze chimene chakusangalatsani ndi funso limene muli nalo, muike transcript, munene poyera zimene simunagwirepo. Ine ndinalembera anthu asanu ndi awiri, anayankha awiri, mmodzi ndi amene ananditenga. Za study permit ndi ndalama yambani msanga, zimatenga miyezi, ndipo funsani ngati bursary ikulipira medical aid chifukwa ku South Africa amaifuna pa visa ya wophunzira.

Pano ndili chaka chachiwiri cha PhD, ndikadali pa banja lomwe lija la ma pyridine. Sabata yatha ndinamaliza nambala 61, imasungunuka bwino kuposa zonse zam'mbuyo, LC-MS yaonetsa 93 peresenti, ndiye sindinatumize. Mawa mmawa ndikuibwezanso pa column.